Achemwali ndi Filimu Yanga ya Mzukwa

Ine ntchito yanga ndi kujambula maukwati. Ndikakumana ndi munthu wosandidziwa ndimamuuza kuti ndimapanga mafilimu, koma zoona zake n'zakuti kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikuyenda chafutambuyo patsogolo pa akwati, kamera ili pa phewa, thukuta lili kamukamu, azakhali a mkwati akundikoka malaya kuti ndijambulenso chipewa chawo. Nkhani ino mwini wake si ine. Ndi ya achemwali anga, kungoti sindingaifotokoze popanda kuyanika uchitsiru wanga pabwalo, ndiye mungondipirira.

Achemwali amandiposa ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anasiya kumva ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atadwala matenda otentha thupi amene anawagoneka m'chipatala mwezi wathunthu. Potuluka kumeneko makutu onse awiri anali atatseka. Popeza anali atadziwa kale kulankhula, mawu sanawataye, koma sadziwa kuti akukweza kufika pati. Akamakunong'oneza chinsinsi, a nyumba yoyandikana nafe amatsitsa wailesi kuti asaphonye kanthu.

Kumva amamva ndi maso. Amakuyang'ana pakamwa n'kumatola mawu pamilomo pako, ngakhale uli kutsidya la msewu. Amene amawavuta ndi anthu a ndevu zophimba milomo ndi aja olankhula uku akutafuna. Kutchalitchi kwathu kunabwera m'busa wa ndevu zotero, ndipo achemwali anatha zaka zitatu osatolapo liwu ndi limodzi lomwe pa ulaliki wake. Nditawamvera chisoni anandiyankha kuti poona nkhope za anthu ena onse, sakuganiza kuti anataya zambiri.

Mayi athu anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu, mng'ono wanga akukwawa. Bambo anali oyendetsa malole, kunyumba ankabwera ngati mlendo wodzapempha madzi akumwa. Anatilera ndi achemwali. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri analowa ntchito pa kampani yochapa ndi kusita zovala, ndipo mpaka lero ali pomwepo, pa thebulo lomwelo la pafupi ndi zenera. Ndi chipinda chachitali, chotentha, nthunzi ili tolo, makina akulira moti anthu amakuwa kuti amvane. M'phokoso limenelo wakumva bwino ndi achemwali okha. Kapitawo akalankhula kumapeto uko, anzawo amatembenukira kwa iwo n'kufunsa kuti abwana akuti chiyani. Dzanja lawo lamanja lili ndi zipsera za simbi kuyambira pa chala chachikulu mpaka m'chigongono.

Sanakwatiwe. Panali bambo wina, woyendetsa galimoto ya kampani yomweyo, amene anameta ndevu zake zonse n'cholinga choti achemwali azimumva. Anawafunsira banja kwa zaka ziwiri. Achemwali anamuuza kuti ana awiriwa alibe wowasiyira, bamboyo n'kukakwatira kwina. Ana awiriwo mmodzi ndine, ndipo mpaka lero, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mimba ili patsogolo, amanditchulabe kuti "mwana iwe".

Nditakwatira n'kupeza nyumba yokulirapo, tinawatenga. Chipinda chawo chinali chakumapeto kwa khonde. Munali bedi, bokosi la zovala, thebulo lositira, ndi kalirole amene anamupachika mopendekera kuti aziona chitseko ali chikhalire, popeza kugogoda sakumva. Anakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Ana athu awiri anakulira pamsana pawo. Koma ndi mkazi wanga ankakhala mwachilamu chenicheni, osayambana, osasekanso limodzi. Achemwali anali otsimikiza mumtima kuti mlamu wawo amawawerengera masiku.

"Mkazi wakoyu tsiku lina adzanditulutsa muno," ankandinong'oneza choncho, mkazi wanga ali kukhitchini akumva zonse.

Ine ndinkadziguguda pachifuwa. "Ine ndili moyo, achemwali? Sizingatheke."

Amene ankafuna kuwatulutsa ndinali ine. Sanandilakwire kanthu. Ndinkangofuna chipindacho. Mavidiyo a maukwati ndinkakonzera pa thebulo lodyera, kompyuta ili pakati pa mbale, ndipo kasitomala akabwera ankakhala moyang'anizana ndi mtsuko wa mchere. Ndinkalota chipinda changa, cha chikwangwani pachitseko, cholembedwa dzina langa ndi mawu oti situdiyo. Ndinaimbira foni mng'ono wanga, amene amakhala mzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo anavomera kuti achemwali akakhale kwa iye. Ndinkadziwa kuti kutero n'kuwasiyitsa ntchito kutatsala chaka chimodzi kuti apume, n'kuwachotsa pakati pa anzawo, n'kukawaika pakati pa milomo yachilendo. Ndinkadziwa, koma ndinkadziuza kuti mpweya wa kumeneko ndi wabwino. Chinatsala ndi kuwauza eni ake, ndipo miyezi isanu inatha ine ndikungomeza malovu.

Ndinkafuna awauze mkazi wanga. Ndinkaona kuti zikuyenera iyeyo, popeza achemwali ankamukayikira kale, ndiye palibe chimene chikanawonongeka. Koma pabalaza nkhaniyo sinkayambika, chifukwa maso a achemwali anali paliponse, ndipo ukangotembenuza msana amakufunsa kuti mukundinena chiyani. Kuchipinda nako ndikangoti "za achemwali zija", mkazi wanga ankatuluka n'kukatsuka mbale zotsuka kale.

Nthawi imeneyo ndi imene ndinaonera filimu ina yakalekale, ya zaka pafupifupi zana, yopanda mitundu komanso yopanda mawu. Anthu amangogwedeza milomo, kenako pamabwera chikwangwani chakuda cholembedwa zimene anena. Nkhani yake ndi ya mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene amene alowa m'nyumba ya lendi, osadziwa kuti mwini nyumbayo anamwalira kalekale, amagona m'bokosi m'chipinda chapansi, ndipo amadzuka kudzayamwa anthu magazi. Mwamunayo aitanidwa ku ulendo, mkazi n'kutsala yekha ndi mzukwawo. Akuti anthu akale ankakomoka poionera. Ine ndinaionera katatu, kachitatuko ndinaimirira n'kulengeza kuti ndiipanganso.

Kwa anthu ndinkapereka chifukwa chogwira mtima. Ndinkati ndikufuna kupanga filimu imene achemwali anga adzaonere mofanana ndi wina aliyense, popanda wowafotokozera. Azimayi ena mpaka analengeza misozi. Zifukwa zenizeni zinali ziwiri. Maikolofoni yanga yabwino inali itagwera mu ndowa ya madzi oundana pa ukwati wina, ndipo ndinkafunitsitsa munthu mmodzi yekha padziko lapansi anditchule kuti dayirekitala.

Mzukwa sindinavutike kuupeza. Mumsewu mwathu muli bambo ena opuma ntchito amene ankawerenga mamita a madzi, ndipo aliyense amangowatchula kuti a Mamita. Ndi aatali, owonda, a dazi, opindika msana chifukwa cha zaka zambiri zowerama m'mabokosi a mamita, ndipo agalu onse a m'dera lathu amawadziwa kale ngati mdani. Ndinawauza kuti ndawasankha chifukwa ali ndi nkhope yaulemu. Mwamuna wachinyamata wongokwatira kumene ndinadzipatsa ndekha, pamodzi ndi mimba yanga. Mkazi wake anali mkazi wanga, amene anavomera nditamulonjeza kuti sindidzamupemphanso china chilichonse chaka chino. Kamera anagwira mnzanga wometa tsitsi, chifukwa dzanja lake silinjenjemera.

Wokondwa kwambiri anali achemwali. Anapempha kuntchito kwawo chijasi chakuda chimene mwini wake anachisiya zaka zitatu zapitazo osadzachitenga, anachifutukula, n'kuchisokera kolala yaitali yoima ngati makutu a mleme. Mano a mzukwa anawadula kuchokera ku foloko ya pulasitiki. Bokosi lamaliro linali kabati yakale ya zovala imene tinaigoneka chagada. Tinkajambulira m'nyumba yosungiramo katundu ya bambo ena ogulitsa matayala, Lamlungu masana, mazenera titatchinga ndi mabulangete. M'katimo munkatentha ngati mu uvuni, ndipo chijasi chija chinkakwinyika a Mamita akangogona m'kabati. Choncho achemwali ankakhala kunja, m'kanyumba ka mlonda momwe munali soketi, simbi ili m'manja, kudikira kuti chijasi chibwere.

Tsiku loyamba tinkayesa kunena mawu amene ndinalemba, koma a Mamita ankaiwala, akakumbukira mano ankagwa. Wometa uja anatopa.

"Kodi akulu, filimuyi si yopanda mawu?" anatero. "Ingonenani zilizonse, bola pakamwa pazigwedera. Amve ndani?"

Ndinamuyamikira kuti ali ndi mutu. Kuyambira pamenepo aliyense ankalankhula za kumtima kwake. A Mamita ankadzuka m'bokosi, maso ali psuu, zala zili nyomi, akudandaula za mawondo awo. Ankaweramira pakhosi pa mkazi wanga akumufunsa ngati mpope wathu unasiya kudontha. Mkazi wanga ankakuwa ndi mantha aakulu akuwayankha kuti unasiya.

Apa ndi pamene ndinapeza nzeru ija imene ndinkaiona ngati yakuya. Mu filimuyo muli malo amene mwamuna akutsanzikana ndi mkazi wake pakhomo. Agwirana manja, ayang'anana m'maso, kamera ili pafupi kwambiri moti pachithunzi pamadzaza nkhope ziwiri zokha. Ndinazindikira kuti pamenepo mkazi wanga sangathawire ku mbale. Ayenera kundigwira manja, kundiyang'ana mwachikondi, mpaka ine dayirekitala nditanena kuti basi. Achemwali anali kunja ndi simbi yawo. Wometa anali atatseka m'makutu ndi nyimbo za pa foni yake.

Kamera itayamba, ndinapanga nkhope ya munthu wosweka mtima, n'kunena pang'onopang'ono, momveka bwino, monga amachitira akatswiri: "Tikamaliza filimuyi achemwali azipita kwa mng'ono wanga. Chipinda chija ndikuchifuna. Uwauze ndiwe."

Mkazi wanga anandifinya zala mpaka zinalira. Koma nkhope sanaisinthe, ndipo pamenepo ndiyenera kumupatsa ulemu.

"Ine ayi," anatero akumwetulira mwachisoni. "Mukawauze nokha. Anakulerani ndi iwowo."

Tinabwereza kasanu ndi kawiri, chifukwa kuwala sikunkandisangalatsa, ndipo ulendo uliwonse ndinkawonjezera mfundo. Kachisanu ndi chiwiri ndinati, "Akula, akungodzaza malo. Ine ndavutika nawo mokwana."

Mkazi wanga anandiyang'ana m'maso. Misozi inatsika yeniyeni, yopanda anyezi.

"Mulibe manyazi," anatero. "Akachoka iwo m'nyumba muja, mudziwe kuti mwawathamangitsa ndinu. Ine alamu sanandilemerepo."

Ndinakuwa kuti basi, n'kuthamangira ku kamera kukaona. Zinali zokongola. Pa zaka makumi awiri sindinajambulepo chinthu chogwira mtima chotero. Ndinamuuza mkazi wanga kuti ali ndi luso lobadwa nalo, iye osandiyankha mpaka Lachitatu.

Ndinatha milungu itatu ndikuilumikiza filimuyo pa thebulo lodyera. Phokoso lonse ndinalichotsa ndi batani limodzi. Ndinachotsa mitundu, ndinathira timizere kuti izioneka yakale, ndinakonza mthunzi uliwonse, ndinabisa malo amene dzino la a Mamita linkalendewera. Malo otsanzikana aja ndinawaonera mwina kokwana makumi asanu. Ndinkayang'ana misozi, kuwala kwa pa tsaya, ndi chibwano changa chimene ndinkafuna chizioneka chimodzi. Pambuyo pake ndinaika chikwangwani chakuda cha zilembo zopotanapotana: "Usalire, wokondedwa wanga. Ndibwera msanga." Munthu amene ndinaleredwa ndi achemwali, amene ndinaphunzira kubisa pakamwa ndisanaphunzire kumanga nsapato, sindinayang'ane milomo yanga ngakhale kamodzi.

Tinaionetsa Loweruka masana mu holo ya sukulu ya pulayimale. Mabulangete omwe aja tinawapachika m'mazenera, nsalu yoyera ya pabedi tinaikhomera pa bolodi. Kunabwera anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, ambiri mwa iwo amene ndinawajambulapo maukwati. Achemwali ndinawakhazika kutsogolo, pakati penipeni, atavala diresi lawo la buluu la pa zikondwerero. Ndisanayatse ndinalankhula mawu ochepa, amene anatenga mphindi makumi awiri, ndipo ndinamaliza ndi kuloza achemwali n'kunena kuti filimuyi ndi mphatso yawo. Ndinaonetsetsa kuti ndawayang'ana polankhula. Anagwedeza mutu, maso akunyezimira.

Filimu yoopsa ija anthu anayamba kuiseka chiyambire. Nditangotulukira ine ngati mnyamata wongokwatira, bambo wina kumbuyo anafunsa mokweza ngati ameneyu ndi mkwati kapena apongozi. A Mamita atatukula chitseko cha kabati, holo yonse inagwa nako kuseka, ana akuitana dzina lawo. Ndinadziuza kuti anthu akamaopa kwambiri amaseka.

Kenako ndinaona kuti achemwali akuseka pa nthawi yosiyana ndi anzawo. Anthu akakhala chete, iwo ndi pamene ankagwira m'mimba. Mzukwa unadzuka m'bokosi, chikwangwani n'kunena kuti, "Ndamva fungo la magazi atsopano." Achemwali anatembenukira kwa mayi amene anakhala naye pafupi n'kumunong'oneza, holo yonse ikumva:

"Bodza! Akuti mawondo akuwawa!"

Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola. Ndinayang'ana pa kompyuta. Malo otsanzikana anali atatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

Apa ndi pamene ndimafuna nditanama, koma ndinalonjeza kuulula. Ndinali ndi mphindi zisanu ndi imodzi zathunthu. Chingwe cha magetsi chinali pafupi ndi phazi langa, ndipo ndikanangochikoka n'kunamizira kuti magetsi azima, palibe akanadabwa. Ndinawerama, ndinachigwira. Koma ndinakumbukira kuti anthuwa akhala akundiseka theka la ola, ndipo chinthu chokhacho chabwino mu filimu yonseyo n'chimene chikubweracho. Ndinayamba kudzinyengerera. Mwina ayang'ana kumbali. Mwina timizere tija tabisa milomo. Mwina maso awo akalamba. Ndili chiweramire choncho, nkhope yanga inadzaza nsalu yonse, pakamwa pokha kukula ngati beseni.

Holo inakhala chete kwa nthawi yoyamba. Misozi ya mkazi wanga itatsika, ndinamva mayi wina akufwenthera. Ndikuvomera kuti kwa kamphindi ndinanyada. Kenako ndinayang'ana kutsogolo. Achemwali anali atakhala tsonga, manja ali pa maondo, mutu osagwedera. Kuwala kwa pansalu kunkawamenya kumaso. Sanasekenso mpaka filimu inatha, ngakhale pamene dzuwa linapha mzukwa, a Mamita n'kugwa mosamala kwambiri, moteteza mawondo.

Anthu anaomba m'manja. Mphunzitsi wina anandigwira chanza n'kunena kuti, "Mwayesetsa, a dayirekitala." Mawu amene ndinawadikira zaka makumi awiri anafika, ine osawamva kukoma. Achemwali anali pakona akupinda chijasi chija, manja kaye, kenako kolala, mosamala monga amachitira ndi zovala za makasitomala.

Kunyumba tinafika dzuwa likadalipo. Mkazi wanga analowa kukhitchini. Ine ndinayamba kumasula zingwe zimene zinali zomasula kale.

"Mwana iwe," anatero achemwali. "Yatsa chinthu chakocho. Undiikire paja ukutsanzikana ndi mkazi wako."

"Achemwali, mwatopa, mwina mawa..."

"Yatsa."

Ndinayatsa. Anakoka mpando, anavala magalasi, n'kusendera pafupi. Mkazi wanga anabwera n'kuima pakhomo la khitchini, chopukutira mbale chili m'manja. Zithunzi zinayenda, achemwali akuyang'anitsitsa. Zitatha anati ndibwezere. Kachiwiri anatsatira milomo yanga ndi chala pagalasi la kompyuta. Kachitatu anawerenga mokweza, ndi liwu lawo lija losadziwa kutsika, mawu amodziamodzi ngati mwana wa sukulu.

"Akula. Akungodzaza malo. Ine ndavutika nawo mokwana."

Mawu ako omwe ukawamva m'kamwa mwa munthu amene unkamunenayo, amanunkha. Ndinkafuna pansi patang'ambika. Anapitiriza, n'kuwerenganso a mkazi wanga mpaka kumapeto: "Ine alamu sanandilemerepo." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa diresi.

"Ku holo kuja ndinaona," anatero, "koma ndinati mwina maso anga ayamba kunama. Ndimafuna nditsimikize kuti ndiwe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za mpweya wabwino wa kwa mng'ono wanga, koma anali atatembenukira kale kwa mkazi wanga. Anaimirira, anapita pomwe anaima, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Alamu, ndakulakwirani zaka khumi ndi zinayi. Mundikhululukire."

Mkazi wanga analira, achemwali analira, anakumbatirana pakhomo la khitchini. Ine amene ndinawagwirizanitsa ndinatsala pa thebulo ndi kompyuta yanga, wopanda wondiyang'ana.

Kwa mng'ono wanga sanapite. Anamulembera uthenga pa foni womuthokoza, n'kumuuza kuti iwo si katundu wotumiza pa basi. Pasanathe milungu iwiri anapeza chipinda kwa mayi wina wamasiye amene amasita naye limodzi, kufupi ndi kuntchito. Mkazi wanga anawachonderera kuti asachoke, mpaka anagwada, koma achemwali anati munthu sangagone tulo m'chipinda chimene mwini wake akuchiyeza ndi maso. Tsiku losamuka ndinafuna kunyamula bokosi lawo, iwo anaitana a Mamita, ndi mawondo awo omwewo, kuti anyamule.

Chipinda ndinachipeza. Ndinaikamo thebulo, kompyuta ndi mpando wozungulira. Chikwangwani ndinalembetsa, chili kuseri kwa chitseko, sindinachikhome. Ana anga akadutsa pakhonde sayang'anamo. Mkazi wanga Lamlungu lililonse amaphika chakudya n'kupita nacho kwa alamu ake, amakakhala kumeneko mpaka madzulo, ndipo akabwera amakhala akumwetulira ndi nkhani zimene sandiuza.

Patatha mwezi ndinalimba mtima. Ndinakonza mawu opepesa, ndinawayeserera m'galimoto, ndipo anali mawu abwino, opanda mpweya wa kwa mng'ono wanga. Ndinapita kuntchito kwawo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Ndinadutsa pakati pa makina ndi nthunzi mpaka pa thebulo la pazenera, ndinaima moyang'anizana nawo, pamalo owala, kuti milomo yanga izioneka bwino. Anandiona. Anaimika simbi.

"Achemwali," ndinayamba, "ndabwera kudzapepesa."

Maso awo anatsika kuchoka pankhope yanga n'kukaima pachifuwa. Ndinapitiriza kulankhula, ndinawerama pang'ono kuti pakamwa panga pakumane ndi maso awo, iwo anawatsitsanso.

"Malaya awa wasita ndani?" anafunsa, chipinda chonse n'kutembenuka. "Vula."

Ndinavula. Ndinaima pakati pa azimayi khumi ndi awiri ndili ndi vesiti yokha, mimba ili pamtunda, achemwali akuyala malaya anga pa thebulo. Anawawaza madzi, anayamba ndi kolala, kenako mapewa, kenako manja. Ine ndinanena zonse zimene ndinakonza. Ndinati ndinalakwa, ndinati chipinda chija ndi chawo, ndinati ndikudziwa zimene anataya chifukwa cha ine. Ndinakuwa kuposa makina, moti azimayi onse aja anamva, kapitawo anamva, wina mpaka anapukuta m'maso. Achemwali anali maso pa simbi. Pa anthu onse a m'chipindamo, amene sanamve kanthu ndi iwo okha, ndipo sanamve chifukwa sanafune.

Atamaliza anawakutumula, anandiveka okha, n'kundimanga mabatani kuyambira pansi mpaka la pakhosi, monga ankachitira ndikupita ku sukulu. Pa batani lomalizalo nkhope yawo inali pafupi kwambiri ndi yanga. Ndinati, "Pepani." Anali akuyang'ana batanilo.

"Pita ku ntchito, mwana iwe," anatero, n'kutenga thalauza la kasitomala.

Ndimapitako Lachitatu lililonse. Malaya ndimawakwinya dala m'galimoto. Amandivula, amasita, amandiveka, ndipo sanandibwezepo ngakhale tsiku limodzi. Ine ndimalankhula, mawu omwe aja, mwina tsiku lina adzakweza maso. Miyezi isanu ndi itatu yatha tsopano, ndipo zimandiwawa kuposa mmene zikanandiwawira akanandilalatira. Pakamwa panga sanayang'anepo.